Thandizeni: nyenyezi ndi nyali za asodzi pa chithunzi chimodzi ku Senga Bay

Abale ojambula muli muno, ndigawireniko nzeru. Ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi zinkhoswe, koma pali chithunzi chimodzi chimene ndikuchifunitsitsa: mlalang'amba ukutuluka pamwamba pa nyanja ku Senga Bay, chilumba cha Namalenje chili bii chapatali, nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi. Amene munagonako kunyanja nthawi ya mdima mukudziwa, sudziwa pomwe nyali zathera ndi pomwe nyenyezi zayambira.

Vuto ndi ili. Nyenyezi zimafuna usiku wopanda mwezi, ndipo usiku womwewo ndi umene asodzi amayatsa nyali kuti usipa usonkhane aponye khoka la chilimira. Nyali zambiri masiku ano ndi za LED, zowala kuposa za palafini zija. Ndikasiya shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) yotsegula masekondi 30 pa ISO 3200 (ISO ndi mphamvu ya kamera yomvera kuwala), mlalang'amba umaoneka ndithu, koma nyali zimapsa, kumunsi konse kumangoti mbee, nyenyezinso zimatuluka ngati timizere. Ndikachepetsa, nyali zimakongola koma kumwamba kulibe kanthu.

Ndili ndi Canon 600D, lenzi ya 18-55 yobwera ndi kamera, ndi tripod yopepuka. Ndalama ya lenzi ina pakadali pano palibe. Nyalizo sindikufuna kuzifufuta, chifukwa popanda izo ndiye kuti si nyanja yathunso. Ndipange bwanji, ndipo miyezi yabwino ndi iti?

Yankho: Achemwali, timizereto ndi masekondi 30 amenewo. Dziko likuzungulira, madigiri 15 pa ola, ndiye kamera imaona nyenyezi zikuyenda. Kuti mudziwe masekondi oyenera, pa Canon yanuyo chulukitsani 18 (mamilimita a lenzi) ndi 1.6 (chifukwa sensa yake ndi yaing'ono), mupeza pafupifupi 29. Potsata lamulo la 500 la ojambula nyenyezi, gawani 500 ndi 29, mupeza masekondi 17. Musapyole pamenepo, ine ndimaima pa 13 kapena 15. Lenzi ikhale pa 18mm, f/3.5, stabilizer yozimitsa. Focus ikhale ya manja: tsegulani live view (kuonera pa sikirini ya kamera), kulitsani nyenyezi yowala ka 10, tembenuzani pang'onopang'ono mpaka ikhale kadontho kakang'onong'ono, kenako matani ndi tepi. Shutter musamaidine ndi chala, ikani timer ya masekondi 2.

Yankho: Za miyezi, pitani Epulo kapena Meyi. Senga Bay inayang'ana kum'mawa, ndipo pakati pa mlalang'amba, powala kwambiri paja, pamatulukira kum'mawa chakumwera. Pakati pa Epulo pamatuluka cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku, pakati pa Meyi cha m'ma 7 kapena 8. Mupatse ola limodzi kapena awiri kuti pakwere, pachoke m'chifunga cha pamwamba pa madzi. Pofika Julaye kukangoda pamakhala patakwera kale, ndiye 18mm yanuyo singatenge nyanja ndi nyenyezi pamodzi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndi utsi wa moto wolusa ndi fumbi, kumwamba kumangoti mbuu. Ikani Stellarium, pulogalamu yoonetsa mapu a nyenyezi, pa foni, ikuonetsani tsiku ndi ola.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu, za Julayezo zanditsegula maso. Nanga nyali?

Yankho: Kuwala kwa nyali ndi kwa nyenyezi kwatalikirana kwambiri, kamera yanuyo singakunyamule kamodzi. Jambulani kawiri osasuntha tripod, zonse mu RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona). Choyamba cha kumwamba, monga akuuzirani achimwenewo. Chachiwiri cha nyali, ISO 400 kapena 800, masekondi 2 mpaka 4. Kufupikitsako kumathandizanso chifukwa bwato la siginala, lonyamula nyali lija, silikhazikika, limavina ndi mafunde, ndipo nyali imajambula njoka pamadzi ukachedwa. Mukafika pa kompyuta, lumikizani ziwirizo potsata mzere womwe nyanja yakumana ndi thambo. Mzerewo ndi wowongoka, ntchito yake si yovuta ngati ya mitengo kapena mapiri.

Chakumwambacho musajambule chimodzi. Tengani 10 kapena 15 motsatizana, muziunjike mu pulogalamu ya Sequator kuti zikhale chithunzi chimodzi. Ndi yaulere pa Windows, imakulolani kupaka mbali ya thambo kuti pansi pasasunthe, ndipo timadontho tonga mchenga tobwera ndi ISO 3200 timachepa kwambiri.

Yankho: Ine zolumikizazi sindigwirizana nazo. Chimenecho ndi chithunzi kapena chojambula cha pa kompyuta? Tengani kakatoni kakuda, muphimbe theka lakumunsi la lenzi mukukagwedeza pang'ono, muchotse patatsala masekondi awiri. Chithunzi chimodzi, basi.

Yankho: Bwana, kakatoniko kamagwira ntchito, koma mukuchita zomwezo, kungoti ndi dzanja. Malo omwewo, usiku womwewo, tripod osasuntha, palibe bodza. Bodza ndi kutenga mlalang'amba wa pa intaneti n'kuumata pa Namalenje. Achemwali angolemba pansi pa chithunzi kuti analumikiza ziwiri.

Yankho: Ine ndine wa ku Salima konko, za makamera sindilowererapo. Koma mayi, musakangofika pa doko usiku ndi zida popanda kulonjera. Pitani masana mukaonane ndi a komiti ya pa doko kapena amfumu, mufotokoze chomwe mwabwerera, ndipo usikuwo mukhale ndi munthu wa pamudzipo. Asodzi omwewo akuuzani mbali imene akukapha usiku umenewo. Mwera ukakula sapita pamadzi, ndiye nyali simuziona. Kumabango musayandikire, kuli mvuu ndi ng'ona.

Wofunsa: Ndamva bambo, ndikayamba ndi moni. Ndikonzekera mdima wa Meyi, ndikayesa njira zonse ziwiri, kakatoni ndi kulumikiza. Funso lina laling'ono: lenzi ikagwira mame pakati pa usiku, mumaipukuta kapena pali njira yoletsera?

Yankho: Kupukuta kumasuntha focus, ndipo mame amabweranso. Ikani hood (chivindikiro chozungulira kutsogolo kwa lenzi), ndipo ngati mungapeze kalamba kotenthetsa lenzi ka USB, kalumikizeni ku power bank kusanayambe kuzizira. Mukapukuta, onaninso focus musanapitirize. Batire yachiwiri muisunge m'thumba la jekete, live view imadya moto.