Azimayi awiri akuthawa kudzera mu paki ya Kasungu, angapulumuke bwanji?

Abale ndithandizeni maganizo. Ndikulemba buku la azimayi awiri apachilamu omwe aona zosayenera kuona pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu, ndiye anthu akuwasaka, foni yatha moto, ndalama alibe, athawira mu paki kuti akatulukire ku Zambia. Nkhani zoterezi ine zimandigwira mtima heve, umati ndigone koma ayi tsamba limodzi lokha, mpaka tambala kulira. Ndipo chimandikoka si mfuti kapena owathamangitsawo ayi, koma awiriwo, wina akulira kuti tibwerere ana anga ali okha, mnzakeyo akuti tikabwerera tafa, koma sangasiyane chifukwa aliyense payekha sangafike patali.

Vuto sindikufuna kunamiza owerenga. Inu a kwa Chulu ndi madera ena oyandikana ndi paki, munthu woyenda pansi mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo madzi angawapeze kuti kupatula damu la Lifupa? Dwangwa amakhala ndi madzi nthawi imeneyo kapena mpaka kukumba mumchenga? Nanga njovu, paja mu 2022 anabweretsa zoposa 250 kuchokera ku Liwonde, usiku mumadziwa bwanji kuti zili pafupi, ndi fungo kapena kuthyoka kwa nthambi? Masuku amakhala atapsa kale kapena ndiwadyetse chani? Komanso ma renja akawapeza amawathandiza kaye kapena amangowatenga ngati opha nyama?

China, mungandikwiyire mmodzi akafera m'njira? Mtima wanga ukukana koma nkhaniyo ikukokera komweko.