Kodi ulusi timauchotsa bwanji pa makina osokera?

Akuluakulu odziwa kusoka, ndithandizeniko. Ine ndikafuna kusintha ulusi ndimangoukokera m'mbuyo n'kuukulunganso pa mpukutu wake. Dzulo mnzanga anandiuza kuti ndikuwononga makina, akuti kutero kumasiya tinyenyeswa pakati pa timbale timene timapana ulusi tija. Akuti ndiziudula pafupi ndi mpukutu, ndikweze kaphazi kopanira nsalu kaja kuti timbaleto titseguke, kenako ndiukokere kumunsi, cha ku singano. Kodi n'zoona? Kachidutswa kotsalako kamandiwawa kutaya.

Koma chandisowetsa tulo ndi cha pansi. Ulusi wapiringizana pa bobini (kampukutu ka ulusi wa pansi kaja), gudumu lakana kuzungulira, nsalu ya eni ake yakanirira pomwepo. Sindinakakamize, ndikuopa kupinda singano. Ndidule kaye ulusiwo ndi lumo, kapena ndimasule kachitsulo ka pansi pa singano kaja? Inu mumayambira pati?