Mayi anga angoti ndwii chiyambireni kuzizira, nditani abale?

Mayi_awiri_Zolozolo
Abale ndithandizeni nzeru. Mayi anga ali ndi zaka 74, ndinakawatenga ku Nkhotakota mu February bambo atatisiya, ndiye ndikukhala nawo kuno ku Zolozolo. Poyamba zinali bho, amasesa panja, amacheza ndi azimayi pa mpopi ngakhale Chitumbuka sachimva kwenikweni. Koma chilowereni June asintha. Mukudziwa kale mmene Mzuzu imachitira, mamawa nkhungu yokhayokha, kamvula kowaza kaja tsiku lonse, iwo anazolowera kunyanja kotentha. Ndikamapita kuntchito ndimawasiya pampando atafunda chitenje pamwamba pa juzi, pobwera cha m'ma 5 ndimawapeza pomwepo, tiyi ndinawasiyira mu flask ali chikhalire. Ana akaweruka kusukulu ndi pa foni basi. Dzulo usiku angondifunsa kuti "kodi kumanda kwa bambo ako analambulako?" kenako zii. Ndawagulira mabulangete awiri pa kaunjika, masokosi, chipewa, koma palibe chasintha. Ndi kuzizira kokhaku kapena pali china?

Wa_kabaza_Chibavi
Achemwali pepani ndi zimenezo. Ine langa ndi limodzi, musayerekeze kuwasiyira mbaula kuchipinda mutatseka mawindo. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangomva mutu, tulo, basi osadzukanso. Aziwotha pakhonde kapena kukhitchini chitseko chili chotsegula, pogona mbaula panja. Thirani madzi otentha mu botolo, mukulunge ndi chitenje muwaikire kumapazi.

Gogo_wa_pa_Katawa
Mwanangu, ine ndili ndi zaka 68, mdzukulu ndi amene anandiphunzitsa zolembalemba pa foni izi. Ndikuuze zoona, bulangete limafunditsa thupi koma silicheza. Amuna anga atamwalira June woyamba unandivuta kwambiri, dzuwa likulowa isanakwane 6, usiku utali, ndipo kukazizira anthu sayenderana, aliyense amathamangira m'nyumba mwake. Ndiye umangogona maso ali gwa kuwerenga malata, kukumbuka onse amene anapita.

Mayi akowo kwawo anali ndi ntchito. Amadzuka kukaona chinangwa, kuviika, kusinja, anzawo akudutsa akupereka moni. Iwe wawasandutsa mlendo, wawakhazika pampando ngati katundu, zonse ukuwachitira ndiwe. Ukuona ngati ulemu koma mumtima mwawo akuti ndatha ntchito ine. Apatse chochita. Asiyire nyemba asankhe, mtedza asende, uwauze kuti mayi ine kondowole sindimutha, Loweruka mundiphikire ana alaweko. Uona adzuka okha.

Ine amene ananditulutsa m'nyumba ndi azimayi a kumpingo, amabwera masana atanyamula mbatata yootcha, timakhala padzuwa kuseri kwa nyumba kumene mphepo sifika, kuyimba pang'ono, miseche pang'ono kkkk. Kodi mayi ako amapemphera kuti? Ngati ndi a CCAP ukaonane ndi a Umanyano, kwanu kuja amati Mvano, ngati ndi a Katolika kuli mphakati, ngati ndi Asilamu azimayi a kumzikiti aliponso. Ukanene kuti kwathu kuli mayi wachikulire wamasiye. Achichewa mu Mzuzu muno ndi ambiri, asowa bwanji wocheza naye.

Mphwanga265
Ine ndiyankhula mosapsatira, ena mundinyoze. Abwezereni kwawo mpaka August kukayamba kufunda. Ife timakonda kuwazula makolo kumudzi ati tikuwasamala, chonsecho tikufuna mtima wathu ukhale m'malo ifeyo. Munthu wakuuzani kale za manda, mukufunanso chizindikiro chanji? Nkhotakota si Joni, ndi msewu wa M5 womwewu kudzera pa Nkhata Bay.

Mayi_awiri_Zolozolo
Achimwene mukunena zoona mbali ina koma kumudziko kwatsala ndani? Mng'ono wanga ali ku Lilongwe, nyumba ikudontha, ndipo maliro atangotha ena anayamba kale kunong'ona kuti agogowa ndi amene anadya amuna awo. Ine ndi zimene ndinawathawitsira.

Mphwanga265
Aaa ngati zili choncho ndabweza mawu. Zoti nkhalamba iliyonse ndi mfiti zatipweteketsa m'dziko muno. Komabe pitani nawo ngakhale masiku awiri akaone mandawo mubwerere limodzi.

Sisi_wa_Luwinga
Ndiwonjezereko pa zimene anena agogo a ku Katawa. Kusadya, kusalankhula, kusiya zinthu zimene amazikonda, pamunthu woti waferedwa chaka chisanathe, nthawi zina ndi matenda a maganizo aja a depression, ndipo kwa achikulire timangoti ndi ukalamba osawatengera kuchipatala. Onaninso ngati akugona bwino, ngati akuonda, kapena ayamba zonena kuti bola nditsatire bambo ako. Akatero musadikire, St John of God ili mu Mzuzu momwemuno ndipo nkhani za maganizo ndi ntchito yawo. Komanso akawayeze BP ndi shuga, kuzizira kumakweza BP, mawondo ndi msana nazonso zimawawa kwambiri nyengo ino, mwina sakudzuka pampandopo chifukwa cha ululu koma sakufuna kukuvutitsani. Akayamba kutsokomola kapena kupuma mobanika thamangani nawo, chibayo sichichedwa pa munthu wamkulu.

Za ana anuwo, sizovuta. Nthawi ya nsima mafoni mu basiketi, mudye mbale zili pamodzi, agogo awayambitse nthano. Kwathu tinachita choncho, poyamba ana amanyinyirika, pano ndi amene amakakamira kuti agogo mupitirize ya dzulo ija. Muwagulirenso kawailesi ka batire kawokawo, magetsi akathima kazilankhulabe, ndipo muziwaimbira anzawo a ku Nkhotakota pa foni madzulo, mayunitsi a mphindi khumi sangakusaukitseni.

Mayi_awiri_Zolozolo
Zikomo nonse, misozi ndithu. Lero m'mawa ndawasiyira lichero la nyemba ndanama kuti ine msana ukundipweteka. Pobwera ndapeza asankha zonse, aphika kale, ndipo andikalipira kuti nyemba zimenezi anandibera pamsika nzofumbwa. Sindinasangalalepo chonchi ndi kukalipiridwa kkkk. Kuchipatala tipita Lolemba, za kumanda ndikambirana ndi mng'ono wanga mwezi ukatha. Agogo a ku Katawa, ufa wa kondowole wabwino mumagula pati? Wa pamsika waukulu uja ati ukununkha nkhungu.