Zosintha za zipatalazi zichepetsa ngongole ya boma kapena ziwonjezera?

WakuChibavi:
Abale ndithandizeni nzeru. Tikumamva zoti boma likufuna kusintha kayendetsedwe ka zaumoyo, mawodi olipira mzipatala zikuluzikulu, inshuwalansi ya aliyense ndi zina zotero, ena akuti zipulumutsa ndalama ena akuti ayi bajeti ingoperewera kwambiri. Ine nkhawa yanga ndi ngongole, chifukwa bajeti ikaperewera boma limakabwereka ndipo obweza ndife tomwe kudzera mmisonkho ya pa sopo ndi mafuta. Zoona zake ndi ziti?

Mkulu wa ku Katoto:
Achimwene zimatengera kuti ndalamazo zichokera kuti. Ku America Obama atasainira lamulo lake la zaumoyo mu 2010, ofesi yowerengera bajeti ya Congress yotchedwa CBO inati defisiti (kuperewera kwa bajeti) itsika ndi madola pafupifupi 143 biliyoni pa zaka khumi. Sikuti kuchiza anthu ambiri nkotchipa ayi, koma mlamulo lomwelo anaikamo misonkho yatsopano komanso anadula zina zomwe Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, imalipira zipatala. Ku Ghana anayamba inshuwalansi yawo mu 2003 nkuwonjezera 2.5 peresenti pamwamba pa VAT, koma kwa zaka zambiri zipatala zakhala zikudandaula kuti malipiro amachedwa miyezi. Nanga ife kuno olembedwa ntchito odulidwa PAYE ndi angati? Mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa kapena mlimi wa fodya ku Mpherembe mumutolera bwanji ndalama mwezi ndi mwezi, mapeto ake boma ndi lomwe lidzamulipirire. Kwa ine zaka zoyambazo defisiti ikwera basi.

Namwino wa ku Luwinga:
Bambo a ku Katoto mwawerengera zotuluka zokha, zomwe tikutaya kale panopa simunaziike. Ine ndimagwira ntchito mu wodi, ndimaona munthu wa BP yemwe akanangomwa timapilitsi totchipa tsiku ndi tsiku akubwera atafa ziwalo mbali imodzi, agona pa bedi masabata, womudikirira wasiya munda, ena impso zaonongeka akufunika dialysis. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 ndipo ku Nkhata Bay inavuta zedi, matenti, madiripi, ma alawansi a ogwira ntchito usiku, zonsezo zinali ndalama zadzidzidzi pomwe mijigo ndi klorini zikanatchipa kutalitali. Ndiye pali odwala otumizidwa ku India aja, timalipira mmadola, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 bilu inangokwera yokha. Komanso taonani mgwirizano wa boma ndi zipatala za mishoni za CHAM, mayi woyembekezera amakachira ku chipatala cha mishoni osalipira boma nkulipira bilu, kusiyana nkumanga china chatsopano pafupi pomwepo. Kusintha kotereku kumapulumutsa ndalama, kungoti phindu lake limaoneka patapita zaka pomwe nduna ya zachuma imayang'ana za chaka chino.

Zolozolo 1:
Nonse mukunena zoona koma mwaiwala ma donor. Ndalama zoposa theka za zaumoyo mdziko muno zimachokera kunja, ma ARV ambiri ndi a Global Fund, ndipo mwaona momwe zinakhalira mu 2025 America itaimitsa thandizo la USAID. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ife timalephera kufikapo. Ndiye tisinthe tisasinthe boma liyenera kuwonjezera ndalama zake. Chomwe chimandipweteka ine nchakuti mwana wanga atadwala anandiuza kuti mankhwala atha ndikagule ku famase, koma mmagolosale ena mankhwala a boma omwewo akugulitsidwa poyera. Tsekani kaye kubako musanatiuze za inshuwalansi.

WakuChibavi:
Yewo nonse, mwanditsegula mutu makamaka mayi a ku Luwinga. Koma funso lina, ndalama zomwe anthu amalipira ku wodi yolipira zimatsala pachipatala pompo kuti agulire mankhwala a ku wodi yaulere, kapena zimapita kaye ku Account Number One, thumba lalikulu la ndalama za boma? Chifukwa ngati zikupita ku Lilongwe ine sindikuona chomwe wodwala wa kuno apindule.