Podziyankhula mumtima, ndiziti "ine" kapena "iwe"?

Moni nonse m'gulu muno. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere. Ndikatsala pang'ono kuyankhula pamaso pa anthu kuntchito, mtima umagunda kwambiri, ndipo mumtimamo mumangomveka kuti "ndilephera, ndichita manyazi."

Ndinawerenga kuti mu 2014 Ethan Kross wa ku yunivesite ya Michigan ndi anzake anapeza kuti anthu odziyankhula ndi "iwe" kapena ndi dzina lawo amachita mantha pang'ono kusiyana ndi onena kuti "ine," chifukwa vutolo amaliona patali ngati la mnzawo. Ndiye ndakhala ndikuyesa kwa milungu itatu.

"Ndingathe" sindikhulupirira n'komwe, zimamveka ngati ndikudzinamiza. "Iwe ungathe, puma kaye" zimandikhazika mtima pansi poyamba, koma posakhalitsa iweyo amasanduka wokalipa: "Iwe, unakonzekera chiyani? Wayambanso!" Ndendende mmene ankatidzudzulira tili ana, moti ndimatuluka m'chipindamo nditafooka kuposa kale. Ndinayesanso "inu" waulemu uja, ndinangodziseka ndekha. Kudzitchula dzina nako ndimachita nako manyazi, ngakhale palibe akundimva.

Tsono ndithandizeni. Amene mumagwiritsa ntchito "iwe," mumatani kuti asamakukalipireni? Kodi n'kwabwino kunena "iwe" pa nthawi ya mantha yokha, kenako n'kubwerera kwa "ine" poganizira zimene ndalakwitsa, kapena kusinthasinthako n'kumene kukundisokoneza? Ndili ndi msonkhano wina Lachinayi likubwerali.