Mpope wa mfuti wokhakhala m'kati: kodi ndi umene ukumwaza zipolopolo?

Wachandamale:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mfuti ndi ya .308 Winchester, mpope wa kufakitale, yaomba zipolopolo zosakwana 200. Ikatsukidwa, zisanu pa mamita 100 zimagwa m'kagulu ka mamilimita 30, koma zikapitirira 25 gulu limatambasuka mpaka 60. Kansalu kotsukira kamatuluka kabuluu, chizindikiro cha kopa wa zipolopolo wotsalira m'mpope, ngakhale mutabwereza katatu. Pa borescope, kakamera koonera m'kati mwa mpope, pakuoneka timizere topingasa pamwamba pa zitunda zolekanitsa tingalande tozunguza chipolopolo, ngati mano a tupa. Kodi kukhakhala kumeneku ndi kumene kukumwaza zipolopolo? Ndikwechemo kuti musalale ngati kalilole, kapena ndiusiye?

Mmisiri_wa_Mipope:

Achimwene, mankhwala okwecherawo abwezereni kaye pashelefu. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza: kusalala kwa khoma la m'kati, ndi kufanana kwa kukula kwa bowo kuyambira ku chemba (kachipinda kokhala chipolopolo chisanaombedwe) mpaka kukamwa kwa mpope. Chimene chimalunjikitsa chipolopolo kwenikweni ndi chachiwiricho. Kusalala kumangonena kuti muomba zingati mpope usanade.

Timizere mukuonato ndi ta reamer. Popanga mpope amayamba aboola chitsulo ndi gun drill, kenako amalowetsa reamer kuti bowo lifike pa muyeso wake. Poti reamer imadula mozungulira, zikande zake zimapingasa njira ya chipolopolo. Akatero ndiye amaika tingalande. Ena amadula kamodzikamodzi ndi kampeni kochotsa chitsulo chochepa kwambiri paulendo uliwonse, ena amakoka button ya tungsten carbide imene imadinda tingalande tonse nthawi imodzi, ena amasula mpope ndi nyundo za makina muli mandrel, ndodo yokhala ndi maonekedwe a tingalande, m'kati. Kampeni kaja sikakhudza pamwamba pa zitunda, choncho zikande za reamer zimatsala pomwepo. Button imazipondereza, koma siizifafaniza zonse.

Onani kuchepa kwa malo amene tikukambawa. Mu .308 bowo ndi inchi 0.300 mukayeza pa zitunda, ndi 0.308 pansi pa tingalande. Ndiye kuti kangalande kalikonse ndi kakuya inchi 0.004, pafupifupi milimita 0.1, kuchindikala kwa pepala limodzi. Chipolopolo chavala jekete la kopa wosakaniza ndi zinki pang'ono, ndipo chimatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 800 pa sekondi. Chikande chopingasa chimachipala. Kopa akangomatirira pachitsulo, wina amadzakhala pamwamba pa mnzakeyo mosavuta, kamtunda nkumakula, mpaka chipolopolo chilichonse chimafinyidwa mosiyana ndi chinzake. Gulu limayamba kutambasukira pamenepo.

Chikande chotsata utali wa mpope sichivuta chimodzimodzi, nchifukwa chake opanga mipope ya mipikisano amachita lapping ya pamanja. Amathira mtovu wosungunuka mozungulira nsonga ya ndodo ili m'mpopemo, mtovu nkuuma utatenga maonekedwe a tingalande, amaupaka mafuta osakaniza ndi ufa wokwechera, nkumakankha ndi kukoka kambirimbiri. Dzanja limamva pothina, ndipo pamenepo amachedwapo. Koma ntchitoyi imachitika chemba isanadulidwe, chifukwa mtovu uja umakulitsa bowo kumapeto konse kuwiri pamene ukutembenukira. Mbali ya kukamwa amaidula nkutaya mamilimita 25 kapena kuposerapo. Mukachita zimenezi pa mfuti yomalizidwa kale, pakamwa padzatakasuka, mpweya wa wonga udzayamba kudutsa m'mbali mwa chipolopolo chisanatuluke, ndipo mudzalira mamilimita 60 anu aja.

Za kalilole ziiwaleni. Mpope wopukutidwa mopitirira muyeso umakhudzana ndi jekete paliponse, ndipo kopa amatha kupakika ngati phula. Mpope wabwino m'kati mumaoneka mbuu, timizere tonse titaloza kutsogolo.

Ngati mukufuna kudziwa za muyeso wa bowo, pakani mafuta m'mpope woyera, lowetsani kampira ka mtovu wofewa kokulirapo pang'ono kuposa bowo, ndipo kakankheni pang'onopang'ono kuchokera ku chemba. Kazilimba mofanana njira yonse, kapena kuthinirako pang'ono chakukamwa. Kakathina pakati nkumasuka kumapeto, vuto lanu lili pamenepo, ndipo kusalaza khoma sikungalichotse.

Mlenje_Wofatsa:

Zimene anena a Mmisiri nzoona, koma tisanaweruze kopa, tiyeni tione ngati mlandu ndi wakedi. Zipolopolo 25 zotsatizana zimatenthetsa mpope wopyapyala kwambiri, ndipo mpope wotentha umene ukukhudza thabwa la mfuti penapake umamwaza ngakhale m'kati muli mbee. Mayeso ake ngosavuta. Gulu likatambasuka, musatsuke. Isiyeni mfuti izizire mpaka mpope ufanane ndi mpweya wa panja, kenako ombani zisanu, mukudikira mphindi ziwiri pakati pa chilichonse. Gulu likabwerera ku mamilimita 30, nkhani ndi kutentha. Likakhalabe lotambasuka, tsukani kopa yense muombenso. Likabwerera apo, ndiye kuti ndi litsirodi. Onaninso zomangira zonse, za action (chitsulo chogwira mpope kumbuyo) ndi za scope (galasi lolunjikitsira), musanaononge zipolopolo.

Chinanso, buluu amanama. Mankhwala ochotsa kopa, makamaka a amoniya, amadya chilichonse chokhala ndi kopa. Ngati burashi yanu ndi ya bronze, kapena kansonga kogwirira kansalu ndi ka brasi, kansalu kazituluka kabuluu mpaka kalekale ngakhale mpope uli woyera. Poyesa kopa gwiritsani burashi ya nayiloni ndi kansonga ka aluminiyamu kapena ka pulasitiki.

Katsukidwe kake: chotsani bolt (chitsulo chotseka chemba kumbuyo), onetsetsani kuti mu chemba mulibe kanthu, ikani bore guide (kachubu kowongolera ndodo yotsukira), ndipo ndodo ikhale ya chidutswa chimodzi, yolowera kumbuyo osati kukamwa. Yambani ndi mwaye wa wonga, chifukwa mwaye ndi kopa zimasanjikizana, ndipo mankhwala a kopa safika pa kopa wokutidwa ndi mwaye. Tinsalu tiwiri kapena titatu tonyowa ndi mankhwala a mwaye, burashi maulendo 10, kenako touma. Musabweze burashi ya bronze ili pakati pa mpope. Iyambe yatulukira kaye. Mukatero nyowetsani ndi mankhwala a kopa, dikirani mphindi 10, pukutani, bwerezani mpaka buluu atasiya. A amoniya wamphamvu asagonemo, ndipo asapitirire mphindi 15 kapena zimene zalembedwa pabotolo. Malizani ndi kamafuta kochepa, kamene mudzakapukutenso musanaombe.

Musadabwe chipolopolo choyamba ndi chachiwiri zikagwa padera mukangotsuka. Mipope yokhakhala imafuna kopa pang'ono wotseka maenje kuti ikhazikike, ina mpaka zipolopolo zisanu kapena kuposa. Musaziwerengere m'gulu.

Onga_ndi_Mtovu:

Ine ndisiyana nawo pang'ono a Mmisiri. Pa mpope wa kufakitale umene ukuda msanga chonchi, fire lapping ili ndi malo ake. Ndi zipolopolo zopakidwa ufa wokwechera, kuyambira wokhakhala kutsikira ku wosalala, zoombedwa ndi wonga wochepetsedwa motsatira malangizo a amene anazipanga, uku mukutsuka pakati pa gulu lililonse. Zikande zake zimatsata njira ya chipolopolo, ndipo zimadya kwambiri kumbuyo kuposa kukamwa, choncho bowo limatsala lothinirako kutsogolo, mmene timafunira.

Mmisiri_wa_Mipope:

Zimadyadi kwambiri kumbuyo, akulu, ndipo mtengo wake ndi womwewo. Kumbuyoko ndi kummero, pamene zitunda zimayambira kutsogolo kwa chemba, ndipo mmero ndi umene umayamba kutha pa mpope uliwonse chifukwa cha moto wa wonga. Fire lapping imausunthira kutsogolo nthawi yake isanakwane, ndipo chitsulo chikachoka sichibwerera. Pa mpope umene wakanika zonse, sindingakuletseni. Pa umene ukupereka mamilimita 30, pafupifupi 1 MOA (muyeso wa kukula kwa gulu poyerekeza ndi mtunda), ayi. Amenewo ndi maombedwe abwino a mfuti ya kufakitale, kaya borescope ikuonetsa zotani. Kakamera kaja kamakulitsa zinthu mpaka kachikande kosaoneka ndi maso kamakhala ngati chigwembe.

Mmero womwewo ndi umene umachititsa kuti ngakhale mpope wa lapping ude pa zipolopolo zoyambirira. Reamer yodulira chemba imasiya zikande zakezake zopingasa pamenepo, kopa wopalidwa amauluka ndi mpweya wotentha nkukatera kutsogolo. Anthu akaona kopa pafupi ndi kukamwa amaganiza kuti pokhakhala ndi pamenepo, chonsecho wachokera kumbuyo. Zikande za kummero zimasalala zokha ndi kuomba, bola kopa asamazikwirire, ndipo apa ndi pamene kuomba chimodzi nkutsuka kwa zipolopolo 5 kapena 10 zoyamba kumathandizira. Kupitiriza mwambowu mpaka 100 nkungotopetsa ndodo.

Wachandamale:

Zikomo nonse, ndiyamba ndi mayeso a kutentha aja. Funso lomaliza: pali kamzere kakuda kozungulira mu chemba pamene khosi la kesi (chigoba chosunga wonga) limathera, burashi sikukachotsa. Nakonso ndi kopa?

Mlenje_Wofatsa:

Ayi, umenewo ndi mwaye wouma, ndipo kaopeni kuposa timizere ta reamer. Kamamera pampata wa pakati pa mlomo wa kesi ndi mapeto a chemba. Kakakula kamapana khosi la kesi kapena chipolopolo, mphamvu ya mu chemba imakwera, primer (kakapu koyatsa wonga kumbuyo kwa kesi) imaphwatalala, bolt imalimba potsegula. Mukaona zizindikiro zimenezi siyani kuomba. Nyowetsani kansalu ndi mankhwala a mwaye, kasiyeni pamalopo mphindi 20 ngati botolo likulola, kenako tengani burashi ya bronze yokulirapo pang'ono, monga ya .338, pa kandodo kakafupi, muizungulitse ndi dzanja pakhosi pokhapo maulendo 15 kapena 20. Osaimanga pa drill. Pukutani, yang'anani ndi borescope, bwerezani ngati katsala.

Kamera ili m'manja choncho, onaninso mlomo wa mpope. Mukaomba zingapo, mwaye umajambula kanyenyezi pamlomopo, nthambi imodzi pa kangalande kalikonse. Nthambizo zikhale zofanana kutalika kuzungulira konse. Ina ikatalika kapena kusowa, mlomo unagumuka, ndipo wokonza mfuti angaudulenso osakhudza m'kati mwa mpope.