Update ya kompyuta ya injini imachepetsadi mafuta kapena akufuna angondidyera?

Bambo a Tadala, Salima

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Fielder ya 2010, injini 1NZ ya 1.5 ija, giya yake ndi yosintha yokha ya mtundu wa CVT, ndinagula kwa munthu chaka chatha osati kuitanitsa ndekha ku Japan ayi. Ndimakhala ku Kamuzu Road koma sabata iliyonse ndimakwera ku Lilongwe kukapikula katundu wa mu shopu, masiku ena ndimatsikira ku Senga Bay kukasiya maoda. Nditangoigula inkandipatsa makilomita 14 pa lita ndikakhala pa ulendo wautali, pano ngakhale 10 ikuchita kuvutikira, pokwera zitunda za ku Mvera zija singano ya mafuta ndimachita kuiona ndi maso ikutsika mpaka ndimazimitsa wailesi ngati kuti ndi imene ikumwa kkkk.

Ndiye pali mnyamata wina amayenda ndi laputopu m'magalaja muno, wandiuza kuti vuto ndi software ya mu kompyuta ya injini, akuti ndi yakale komanso inapangidwira ku Japan kozizira, ndiye akufuna aikemo update yogwirizana ndi kutentha kwa kunyanja kuno, akuti ndidzafika 18 pa lita. Mtengo K180,000. Ndisanatulutse ndalama ndati ndifunse kaye kuno, alipo anapangitsapo zimenezi?

Funso lina, pa dashibodi pamayaka kanyali kobiriwira kolembedwa ECO kenako nkuzima kokha, ndafufuza batani lake paliponse sindikulipeza pomwe Aqua ya mlamu wanga ili nalo batani. Kodi yanga inaonongeka kapena?

Sienta Boy wa pa depoti

Madala K180,000 imeneyo bwerani nayo kuno ndikuphunzitseni ulere kkkk. Ife a Salima Lilongwe tsiku lililonse update yathu ndi imodzi basi, ukangodutsa Chezi potsika umaika free, giya pa N, galimoto izidziyendera yokha. Mafuta a pobwerera timachita kusunga choncho.

Makaniko wa ku Linga, Nkhotakota

Bambo a Tadala ndalamayo isungeni kaye. Ndiyambe ndi nkhani ya Japan kozizira ija chifukwa yandiseketsa, ku Japan mwezi wa July ndi August kumatentha kupitirira madigiri 30 ngati kwathu kuno mu October, ndipo kompyutayo siichita kuganizira ayi, ili ndi sensa yoyeza kutentha kwa mpweya umene ukulowa ndi ina yoyeza kutentha kwa madzi a mu injini, imadzisinthira yokha kaya muli ku Hokkaido kozizira ku Japan kaya ku Chia. Komanso taganizani, software yomweyo ndi imene inkakupatsani 14 chaka chatha. Software siikutha ngati tayala. Ngati mafuta asintha ndiye kuti chasintha ndi chinthu china chimene chikuinamiza kompyutayo.

Update yeniyeni iliko, sindikukana. Kampani yopanga galimoto ikapeza kuti mtundu wina uli ndi kavuto, mwina giya ikugwedeza kapena check engine ikuyaka popanda chifukwa, imatulutsa fayilo yatsopano ya mtundu umenewo wokha ndipo amaiika ndi mashini awo, a Toyota amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Techstream. Amayamba aona nambala ya software imene ili mkatimo nkufananiza ndi yatsopanoyo. Ndiye mumufunse mnyamatayo mafunso awiri okha, nambala ya imene ilimo pano ndi chani, ndipo imene akufuna kuikayo waitenga kuti. Akayamba kuyang'ana kumwamba mwadziwa kale. Ambiri chimene amachita ndi kulumikiza chingwe pa kabowo ka OBD kali pansi pa chiwongolero kaja, kali ndi mapini 16, nkufufuta ma code ndi zimene kompyuta inaphunzira, galimoto imamveka yopepuka masiku awiri atatu inu nkumati eee mnyamatayu ndi katswiri, sabata ikatha yabwerera pomwe paja. Zomwezo mukhoza kupanga nokha pochotsa waya wa batire kwa mphindi zingapo, osalipira kanthu. Ndipo akakhala woikadi fayilo yotola pa intaneti, laputopu ikazima kapena batire ikafooka ali pakati, kompyutayo yafa basi galimoto siidzalira, muyambe kusaka ina ku Lilongwe kenako mulipirenso woigwirizanitsa ndi kiyi.

Tsopano zimene ndimapeza ine pa ma 1NZ akabwera ndi dandaulo lomweli. Choyamba thermostat, kachipangizo kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku radiator mpaka injini itatentha. Amakaniko anzanga ambiri kunyanja kuno galimoto ikangotenthako pang'ono amathamangira kuchotsa thermostat nkutaya, amati kuno nkotentha siyofunika. Ndiye madzi amangozungulira mu radiator nthawi zonse, injini siifika pa kutentha kwake kwa madigiri 80 ndi kanthu, makamaka usiku ndi potsika phiri, kompyuta ikaona choncho imati injini idakali yozizira ndiye imathira mafuta ambiri ngati mwangoliza kumene m'mawa, ulendo wonse. Poti munagula kwa munthu ine ndingayambire pamenepo. Chachiwiri ka sensa ka mpweya kali pafupi ndi air cleaner, ka MAF, fumbi la misewu yathuyi likamata pa kawaya kake kamawerenga zabodza, kamafuna kupopera mankhwala ake enieni osati kupukuta ndi nsanza kapena kutsuka ndi petulo. Chachitatu oxygen sensor ya pa ekizozi, ndipo musuzumire ngati catalytic, chosefa utsi cha pa ekizozi, ilipo, anthu akumachotsa kukagulitsa nkuwotcherera paipi wamba. Mapulagi, buleki yogwira, mpweya wa m'matayala, zimenezo mukudziwa kale.

Mashini oyezera ndi abwino, osawada. Koma muuzeni akuonetseni manambala injini ikulira, kutentha kwa madzi ndi chimene chimalembedwa long term fuel trim, choonetsa mmene kompyuta ikuwonjezerera kapena kuchepetsera mafuta, chikapitirira 10 peresenti uku kapena uku pali chimene chikulakwika. Kuyeza kokhako sikungafike ndi theka lomwe la ndalama mwatchulayo.

Mayi Nabanda, Chipoka

Ine ndiyankheko za ECO poti ndimayendetsa Aqua chaka chachitatu tsopano. Achimwene galimoto yanu siinaonongeke, kanyali kanuko si mode ayi, kamangokuuzani kuti panopa mukuponda moto bwino, mukaponda kwambiri kamazima. Ndi kamphunzitsi chabe. Bambo a kunyumba anali ndi Axio inkachita chimodzimodzi.

Yanga ili ndi mabatani awiri, ECO MODE ndi EV MODE. Ukadina ECO injini siisintha kukhala yaing'ono, chimene chimasintha ndi mmene galimoto imamvera phazi lako, ukaponda pang'ono imayankha mwaulesi, komanso AC imachepa mphamvu. Mu tauni pa Kamuzu Road pamene pali makabaza mbali zonse ndi njinga zamoto zongotulukira, imathandizadi chifukwa sumangodumphadumpha. Koma October uno masana ndikunena zoona ndimaithimitsa, ana kumbuyo amachita kulira ndi thukuta, ndipo pokwera ku Lilongwe sindinaonepo phindu lake, umangoponda kwambiri kuti ikwere ndiye mafuta ake ndi omwewo. Popitirira thiraki ukaponda mpaka pansi mphamvu imabwera yonse ngakhale uli mu ECO koma kaulesi koyambirira kaja kamandiopsa ine. EV ija ndiye ndi yongotulukira pa geti m'mawa osadzutsa aneba, kamtunda pang'ono kapena ukangothamangako injini yalira kale.

China chimene ndinaphunzira mochedwa, a ma Aqua mumve, batire yaikulu ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo ili ndi kafani kake kokoka mpweya. Kanga kanadzaza fumbi ndi ulusi wa zitenje, batire inkatentha ndiye injini inkangolira osapuma, mafuta anakwera ine nkumaganiza kuti batire yatha. Anangotsuka basi.

Sienta Boy wa pa depoti

Mayi mwanena zoona za AC. Ine pasenjala akati yatsani AC ndimati onjezani 2 pin kkk

Makaniko wa ku Linga, Nkhotakota

Iwe Sienta Boy ndinakuona pamwambapo ndimati ndimalize kaye za bambowa. Free yakoyo ikukudyera mafuta osati kusunga. Zimenezo zinkagwira pa magalimoto a carburettor a azigogo athu. Ma injini a masiku ano ukachotsa phazi pa moto galimoto ili mu giya ikutsika, kompyuta imatseka ma injector, matayala ndi amene amazunguza injini, mafuta olowa ndi ziro. Ukaika free injini iyenera kudzizunguza yokha ndiye ikumwa ngati waima pa depoti. Kuwonjezera apo wanyamula anthu 10 m'galimoto ya anthu 7 ndi matumba a usipa pamwamba, zitunda zonse zija wadalira buleki yokha, ikatentha siigwira aise. Pa CVT pali S ndi B pazifukwa zimenezo, B ndi yotsikira phiri. Ndipo kubweza mu D galimoto ikuthamanga ndi kumene kumapha ma giya bokosi amene mumabwera nawo kuno mukulira.

Sienta Boy wa pa depoti

Akulu mwandiyalutsa pagulu kkkk. Koma anthu 10 ayi, 9

Achimwene a ku Dwangwa

Ndiwonjezereko ziwiri zimene sizinatchulidwe. Petulo wa pa pampu ku Malawi kuno amasakaniza ndi ethanol, wina amapangidwa konkuno ku Dwangwa ndi Ethco kuchokera ku molasses wa nzimbe kuyambira 1982, wina ku Chikwawa ndi PressCane. Ethanol pa lita ali ndi mphamvu yochepa kuyerekeza ndi petulo, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu limasowa, ndiye akasakaniza 10 pa 100 makilomita anu amatsika ndi 3 peresenti yokha basi, akafika 20 ndiye kawiri kake. Kompyuta imadzikonzera yokha kudzera pa oxygen sensor, siifuna update. Ndikunena izi chifukwa ena akangomva ethanol amamunamizira chilichonse, koma kuchoka pa 14 kufika 10 si ethanol ameneyo. Amene ndimamukayikira ine ndi wa m'zigubu uja timagula kwa mavenda mafuta akasowa, sudziwa chimene athiramo komanso lita yake imakhala yoperewera, ndiye ukamawerengera makilomita pa lita masamu ako ayamba kale ndi bodza.

Chachiwiri, kunena kuti software siingasinthe kamwedwe ka mafuta nkunama, imatha. Mukukumbuka nkhani ya Volkswagen mu 2015, anawagwira ku America kuti anaika software yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso a utsi nkumadzionetsa yaukhondo, ikabwerera pamsewu utsi woipa nkuchuluka, magalimoto a dizilo pafupifupi 11 miliyoni dziko lonse. Pokonza ambiri anangowaika software ina. Ndiye mphamvu ilipo mu software, koma amene anachita zimenezo ndi ma injiniya a kampani ali ndi ma labu, ndipo pa dizilo ya turbo mpata wosewera nawo ndi waukulu. Pa ka 1.5 ka petulo kopanda turbo mpweya ndi mafuta ziyenera kukhala pa 14.7 kwa 1 kuti catalytic igwire ntchito, ukachepetsa mafuta mwachisawawa injini imatentha ndi kugogoda. 18 akulonjezayo ndi manambala a m'mabuku a ku Japan oyezera m'nyumba, opanda maenje a M5, opanda AC, opanda makatoni a sopo kumbuyo.

Bambo a Tadala kodi 10 mukunenayo mwayeza bwanji? Ngati ndi ya singano musaikhulupirire. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip pa ziro, pitani ku Lilongwe nkubwera ndi makilomita pafupifupi 200 amenewo, mudzazenso pa pampu yomweyo, mugawe makilomita ndi malita alowawo.

Bambo a Tadala, Salima

Zikomo kwambiri nonse, pepani ndinasowa masiku angapo. Mnyamata uja ndinamufunsa za nambala ya software monga munanenera akulu a ku Linga, anati ayang'ana kunyumba, mpaka lero foni sakuyankha. Loweruka ndinapita kwa makaniko wina tinatsegula pamene pamakhala thermostat, mulibemo kanthu!! Mwini wake wakale kapena amakaniko ake anachotsa kalekale, chimene sindikumvetsa nchakuti nanga bwanji poyamba inkandipatsa 14, kapena nthawi imeneyo ndinkangoyerekeza ndi singano kaya. Taikamo yatsopano, tatsuka ka MAF kanali bii ngati mkati mwa mbaula, air cleaner ndiye musafunse, ndipo tayala limodzi lakumbuyo linali ndi mpweya wochepa kwambiri ine osadziwa. Catalytic ilipo mwamwayi.

Dzulo ndayeza monga ananenera achimwene a ku Dwangwa, makilomita 212 malita 16.4, ndiye ndi 12.9 pa lita, pobwera nditadzaza katundu mpaka kumpando ndipo AC ndinayatsa kuyambira pa Mvera. Siinafike 14 koma mtima wakhala pansi. Makaniko akuti oxygen sensor ikuyankha mochedwa pa mashini, akuti tisinthe mwezi wamawa ndikapeza ndalama. Kodi ya Denso yeniyeni ndingaipeze kuti, ndipo yakale yochotsa pa galimoto ina ndi bwino kapena ndingotaya ndalama?

Makaniko wa ku Linga, Nkhotakota

Yakale ayi bambo, mugula matenda a munthu wina. Tengani nambala yolembedwa pa sensa yanuyo kapena chassis number mupite nayo ku mashopu a zipangizo ku Lilongwe, ndipo musalole kuti adule mawaya nkulumikiza ya universal, pulagi yake ikhale yolowa yokha. Pa ekizozi pali masensa awiri, wina catalytic isanafike wina itadutsa, wokhudza mafuta kwambiri ndi wakutsogoloyo ndiye mufunse makaniko wanu kuti akunena uti. Mukasintha muyendeko sabata imodzi kompyuta iphunzire kaye kenako muyezenso thanki yodzaza, mudzatiuze.